Bambo ayamba kupuma bwino, koma manja akunjenjemera ndipo mkodzo ukuvuta: kodi ndi ma inhela?

Funso

Zikomo adokotala. Ndimakhala ku Area 25 ndi bambo anga a zaka 68, amene tinakawatenga kumudzi ku Mitundu chifukwa cha befu. Anasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, ndipo anadwalapo chifuwa chachikulu n'kuchira. Kuchipatala anatiuza kuti ali ndi COPD, matenda osatha a m'mapapo. Kuwonjezera pa inhela ya buluu ya salbutamol, anawalembera zina ziwiri: ya pepo yolembedwa salmeterol ndi fluticasone, yopopera m'mawa ndi madzulo, ndi ina yoikamo kapisozi wa tiotropium kamodzi patsiku. Patha mwezi. Kupuma kwasintha ndithu, moti ayamba kuyenda okha kupita kutchalitchi. Koma manja akunjenjemera, kukamwa kukuuma, mawu asasa, usiku miyendo imakokana, ndipo mkodzo ukutuluka movutikira. Amamwanso HCT wa BP. Iwo akuti angosiya, poopa kuti thupi lizolowera. Chinanso, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 ali ndi mphumu. Tsiku lina atabanika, inhela yake ya buluu itatha, ndinamupopera ya pepo ya agogo ake koma sinamuthandize msanga. Ndichite bwanji?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho

Mayi, pa zonse mwatchulazi, ziwiri sizodikira: mkodzo wa bambo ndi inhela ya mwana. Zinazo ndi zovuta zodziwika za mankhwala amenewa, ndipo zambiri zimachepa zokha kapena zimatha munthu akasintha kapoperedwe. Bambo asasiye mankhwala paokha, komanso musadikire tsiku limene analemberedwa m'buku lawo la kuchipatala. Pitani nawo sabata ino. Mkodzo ukatsekeratu, pachinena n'kutupa, n'kumapweteka, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Kuti mumve chifukwa chake mankhwala a mapapo akufika mpaka kuchikhodzodzo, tiyambe ndi mmene amagwirira ntchito.

Mpweya ukadutsa pakhosi umalowa m'timachubu timene timagawikana m'mapapo, tikumka ticheperachepera. Kachubu kalikonse kazunguliridwa ndi kamnofu kamene kamatha kufinya kapena kumasuka. Ganizani za thumba la chimanga lomangidwa kukamwa ndi chingwe. Salbutamol ndi salmeterol amamasula mfundo. Tiotropium amagwira dzanja limene likukoka chingwecho, ndiye kuti amatsekereza uthenga wa m'mitsempha wouza kamnofu kuti kafinye. Njira ziwiri zosiyana, cholinga chimodzi, n'chifukwa chake munthu wa COPD amatha kupatsidwa onse awiri.

Kusiyana kwakukulu kuli pa nthawi. Salbutamol amayamba kugwira m'mphindi zisanu, koma pofika maola 4 mpaka 6 mphamvu yake yatha. Salmeterol amachedwa kuyamba, amatenga mphindi 15 kapena 20, mwinanso kupitirira, koma akagwira amakhala maola 12. Tiotropium amakhala maola 24. Ndiye inhela ya buluu ndi yopulumutsira munthu akabanika, pomwe ziwiri zinazo ndi zosungira timachubu kuti tikhale totseguka usana ndi usiku, ndipo zimapoperedwa pa nthawi yake kaya munthu akumva bwino kaya ayi. Bambo asaitaye ya buluu ija. Izikhala m'thumba la jekete popita kutchalitchi.

Za kuzolowera, auzeni bambo motere. Mankhwala amenewa sapatsa chibaba ngati fodya. Chimene chimachitika n'chakuti munthu akasiya, befu amabwerera, ndiye amaganiza kuti thupi lazolowera, pomwe ndi matenda aja amene sanachoke. COPD ndi kuwonongeka kwa timachubu ndi timatumba ta mpweya chifukwa cha utsi wa zaka zambiri: wa fodya, komanso wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda potulukira utsi, n'chifukwa chake timaiona ngakhale mwa agogo aakazi amene sanasutepo. Zipsera zimene chifuwa chachikulu chimasiya zimawonjezera vutolo. Zimene zinawonongeka sizibwerera mwakale. Mankhwalawa amachepetsa befu ndipo amachepetsa nthawi zimene matenda amakula mwadzidzidzi mpaka munthu kugonekedwa. Bambo wa zaka 68 amene anali wongokhala pakhonde ndipo tsopano akuyenda yekha, kwa ine ndi umboni wokwanira kuti mankhwala akugwira. Ntchito yathu ndi kuchotsa zomusautsa, osati kumubwezera pakhonde.

Tsopano mkodzo. Mitsempha imene imauza timachubu ta m'mapapo kuti tifinye ndi ya mtundu umodzi ndi imene imauza chikhodzodzo kuti chifinye potulutsa mkodzo. Tiotropium amagwira ntchito yake makamaka m'mapapo, koma pang'ono amalowa m'magazi, ndipo pang'onopo pamatha kufooketsa chikhodzodzo. Kwa mnyamata wa zaka 30 palibe chimene angamve. Koma abambo ambiri akapitirira zaka 60, chiwalo chotchedwa prostate, chimene chimazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo, chimakhala chitakula n'kuyamba kale kupana njirayo. Chikhodzodzo chimakhala chikukankha ndi mphamvu zake zonse kuti mkodzo udutse. Mukachichepetsera mphamvu pang'ono chabe, mkodzo umayamba kudontha, munthu amaima nthawi yaitali, amamaliza koma akumva kuti wina watsala, amadzuka kangapo usiku. Vutoli limaonekera kwambiri m'milungu yoyambirira munthu atayamba mankhwala, zimene zikugwirizana ndi nkhani yanu.

Abambo a msinkhu umenewu sakamba za mkodzo mosavuta, makamaka kwa mwana wawo wamkazi. Ngati afika pokuuzani inu, n'kutheka kuti vutolo ndi lalikulu kuposa mmene alinenera. Ngati pali mchimwene wanu kapena bambo a kunyumba, alowe nawo m'chipinda cha dokotala, kapena alowe okha inu mutanena kale chimene mwabwerera. Dokotala adzafuna kudziwa ngati vutoli linalipo asanayambe kapisozi, adzagwira pachinena kuona ngati chikhodzodzo chadzaza, adzayeza prostate ndi mkodzo, ndipo n'kwabwino kuyezanso impso, popeza tiotropium amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo mkodzo wotsalira m'chikhodzodzo nthawi yaitali umatha kuziwononga. Zotsatira zake zikhoza kukhala kusiya tiotropium n'kutsala ndi salmeterol, kapena kupitiriza koma atapatsidwa mankhwala a prostate. Chisankhocho chichitike ataonedwa.

Pakadali pano, tayang'anani m'kabati. Pali mankhwala ena ofala kwambiri amene amafooketsa chikhodzodzo mofanana ndi tiotropium, ndipo akaphatikizana ndiye amatseka mkodzo: Piriton, promethazine, Buscopan, amitriptyline amene ambiri amapatsidwa chifukwa cha kutentha kwa mapazi, ndi mankhwala ambiri a chimfine ogula pa kauntala. Munthu wa chifuwa chosatha ngati bambo amakhala akugulirwa tizinthu totere ndi achibale omufunira zabwino. Asamwe chilichonse mwa izi mpaka dokotala atawaona. Ngati amitriptyline anachita kulemberedwa, musawasiyitse mwadzidzidzi, koma mukamutchule.

Kuuma kukamwa kukuchokera kwa tiotropium yemweyo, ndipo ndilo dandaulo lofala kwambiri pa mankhwala amenewa. Sikoopsa. Azimwa madzi pang'onopang'ono masana, achepetse madzulo chifukwa cha mkodzo uja, azitsuka mano bwino popeza kukamwa kouma kumaoletsa mano. Ena amadzimbidwanso.

Chimene sichichitika kawirikawiri koma n'choyenera kuchidziwa ndi cha maso. Ufa wa m'kapisozi ukalowa m'diso, mwa anthu ena umatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mwadzidzidzi, matenda otchedwa glaucoma. Diso limafiira, limapweteka kwambiri, munthu amaona mwachimbuuzi, amaona mikombero kuzungulira babu, nthawi zina mpaka kusanza. Zikatero ndi ulendo wa kuchipatala cha maso ku Kamuzu Central tsiku lomwelo, chifukwa diso likhoza kufa m'masiku ochepa. Kupewa kwake n'kosavuta: akataya kapisozi wogwiritsa kale ntchito, asambe m'manja asanagwire kumaso. Ndipo ngati bambo anauzidwapo kuti ali ndi glaucoma, dokotala wa mapapo adziwe. Adziwenso ngati amadontheza m'maso mankhwala otchedwa timolol, chifukwa amenewo, ngakhale ndi a m'maso, amatha kufinya timachubu ta m'mapapo.

Kunjenjemera kwa manja ndi kukokana kwa miyendo n'za salmeterol. Malo amene mankhwalawa amakagwira kuti kamnofu ka m'mapapo kamasuke amapezekanso m'minofu ya manja ndi miyendo ndi mu mtima. N'chifukwa chake ena amamva mtima ukugunda mofulumira, ena mutu. Kwa anthu ambiri kunjenjemera kumachepa pakapita masiku kapena milungu ingapo. Pamenepa pokha ndi pamene mawu a bambo akuti thupi limazolowera ali oona, ndipo ndi kuzolowera kotikomera. Ngati patha mwezi kusanachepe, funso langa loyamba ndi lakuti, kodi ya buluu ija akuipopera kangati patsiku? Salbutamol ndi salmeterol ndi a banja limodzi, zovuta zawo zimaphatikizana. Anthu ambiri amene akhala zaka akudalira ya buluu amapitiriza kuipopera mwachizolowezi, podzuka, asanadye, pogona, ngakhale sakubanika. Funso lachiwiri, kodi ya pepo sakuiwonjezera akamva befu masana? Imeneyo ndi kawiri patsiku basi. Kuwonjezera sikutsegula chifuwa msanga, kumangochulukitsa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima. Khofi wambiri, tiyi wowawa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija nazonso zimakolezera.

Pa kukokana kwa miyendo ndikufuna muikepo mtima chifukwa cha HCT. Salmeterol ndi salbutamol amachepetsa mchere wa m'magazi wotchedwa potassium, poukankhira m'kati mwa minofu. HCT naye amautaya kudzera mu mkodzo, monganso Lasix. Mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, makamaka prednisolone wakumwa amene odwala COPD amapatsidwa matenda akakula, amachitanso chimodzimodzi. Aliyense payekha savuta kwenikweni, koma akakumana mwa munthu wachikulire amene mwinanso sakudya mokwanira, potassium amatha kutsika mpaka miyendo kukokana, thupi kufooka, ndi mtima kugunda mosalongosoka. Pemphani kuti pa magazi amene adzatengedwe poyeza impso ayezenso potassium. HCT asamusiye okha, BP si yoseweretsa. Ngati pakufunika, dokotala akhoza kusintha n'kuwapatsa mtundu wina. Nthochi, mapeyala, mbatata, nyemba ndi masamba zili ndi potassium wambiri ndipo ndi zakudya zabwino, koma musayambe kuwadyetsa mopitiriza musanadziwe mmene impso zilili, popeza impso zofooka zimalephera kutaya wotsala. Poti takamba za BP, propranolol ndi mankhwala amene amalimbana mwachindunji ndi ma inhela amenewa. Wina akadzafuna kuwalembera, mudzamukumbutse za chifuwa.

Mtima ukamagunda mwamphamvu kwa kanthawi atangopopera, si zachilendo. Koma kupweteka pachifuwa, kukomoka, chizungulire champhamvu, kapena mtima wodumphadumpha umene sukukhazikika, zimenezo ndi za kuchipatala msanga. Chimodzimodzi ngati atangopopera chifuwa chikuthina m'malo momasuka. Zimachitika mwa apo ndi apo. Apopere ya buluu, asabwerezenso inhela imene yachititsayo, akaonedwe. Amene ali ndi shuga adziwe kuti mankhwala a banja la salmeterol amatha kumukweza pang'ono.

Mawu osasa si a salmeterol kapena tiotropium, ndi a mnzake amene ali mu inhela ya pepo, fluticasone. Ameneyu ndi steroid, ntchito yake ndi kuchepetsa kutupa kwa m'kati mwa timachubu. Wina amatsalira m'kamwa ndi pakhosi, n'kusasitsa mawu, kapena kumeretsa zoyerayera pa lilime ndi m'masaya, zimene ndi mafangasi. Tayang'anani m'kamwa mwawo ndi tochi ya foni. Ngati zilipo, pali mankhwala ake, nystatin, ndipo zimatha. Kupewa kwake ndi kuchukucha m'kamwa ndi madzi, kufikitsa kukhosi, n'kulavula nthawi iliyonse akamaliza kupopera. Ndimalangiza anthu kuti azipopera asanatsuke mano m'mawa ndi madzulo, kuti zonse ziziyendera limodzi. Kuno kwathu munthu akaona zoyera m'kamwa mtima umathamangira ku HIV. Steroid wopopera amachititsa zimenezi ngakhale mwa munthu amene alibe kachilombo, komabe amene anadwalapo chifuwa chachikulu ndipo sanayezetse posachedwa, kuyezetsa n'kwanzeru.

Pa fluticasone yemweyu ndili ndi funso limene ndikufuna mukafunse dokotala wawo, mwaulemu koma mosabisa: kodi bambo akufunikiradi steroid? Mu mphumu, steroid wopopera ndiye mwini nkhani. Mu COPD si onse amene amapindula naye, ndipo ali ndi mtengo wake. Pa kafukufuku wamkulu wotchedwa TORCH, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007, odwala COPD oposa 6,000 anatsatiridwa kwa zaka zitatu. Mwa amene ankapopera salmeterol ndi fluticasone, pafupifupi 20 pa 100 aliwonse anadwala chibayo, pomwe mwa amene ankapopera inhela yopanda mankhwala anali pafupifupi 12 pa 100. Steroid wopopera wa mlingo waukulu amakwezanso pang'ono mpata wodwala chifuwa chachikulu, ndipo malangizo a akatswiri a COPD amati dokotala aganize kawiri asanamupereke kwa munthu amene anadwalapo matendawa kapena amene amadwala chibayo pafupipafupi. Amene amapindula kwambiri ndi amene matenda awo amakula mwadzidzidzi kawirikawiri, amene alinso ndi mphumu, kapena amene m'magazi mwawo muli tizigawo tambiri totchedwa eosinophil, kuyambira 300 kupita m'mwamba. Chiwerengero chimenechi chimaoneka pa kuyeza magazi kwa nthawi zonse kuja. N'kutheka kuti dokotala anaona zonsezi ndipo ali ndi chifukwa chomveka. N'kuthekanso kuti inhela yophatikizayo ndiyo inali yopezeka. Kufunsa sikulakwa. Mufunsenso ngati bambo anayezedwapo mpweya pouzira m'kachipangizo, kuyeza kotchedwa spirometry, chifukwa ndiko kumatsimikiza COPD. Befu wa munthu wachikulire wa BP amathanso kuchokera ku mtima, makamaka ngati mapazi akutupa.

Ndipo musalole kuti dzina lakuti COPD liphimbe china chilichonse. Chifuwa chikasintha n'kupitirira milungu iwiri, makhololo akakhala ndi magazi, akamatuluka thukuta usiku, akamaonda, apereke makhololo akayezedwe. Chifuwa chachikulu chimabwereranso. Kutentha thupi, makhololo obiriwira ndi befu wowonjezereka ndi zizindikiro za chibayo, ndipo zimafuna kuonedwa tsiku lomwelo.

Pano ndipatuke pang'ono chifukwa cha owerenga ena amene amamwa ma ARV. Amene ambiri akumwa masiku ano, okhala ndi dolutegravir, sayambana ndi ma inhela amenewa. Koma amene ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir, monga atazanavir ndi ritonavir kapena lopinavir ndi ritonavir, asapopere fluticasone, budesonide kapena salmeterol asanakambirane ndi a kukiliniki yawo. Ritonavir amaletsa chiwindi kuphwanya mankhwalawa, ndiye amaunjikana m'thupi: nkhope imatupa n'kukhala yozungulira, shuga ndi BP zimakwera, mafupa amafooka, ndipo salmeterol wochuluka amasokoneza mtima. Zikatero steroid amene amasankhidwa ndi beclomethasone. Anthu ambiri ali ndi mabuku awiri, la ma ARV ndi la matenda ena, ndipo dokotala wa mbali ina saona la mbali inayo. Muzitenga onse.

Tibwere kwa mwana. Choyamba, mtima ukhale pansi, simunamupweteke ndi kupopera kwa tsiku limodzi kuja. Choopsa chinali nthawi imene inatayika mukudikira mankhwala amene mwachibadwa chake amachedwa. Salmeterol si wopulumutsira munthu wobanika, ndipo tiotropium nayenso ayi.

Pali chifukwa china chimene madokotala amasamalira kwambiri mankhwala okhalitsawa pa mphumu. Gwero la mphumu ndi kutupa kwa m'kati mwa timachubu. Kufinya kwa kamnofu kumabwera pamwamba pake. Mukamangomasula kamnofu tsiku ndi tsiku osachiza kutupa, munthu amamva bwino pomwe matenda akukulira m'kati, mpaka tsiku limene adzabanike koopsa mosayembekezera. Ku America kunachitika kafukufuku wa anthu a mphumu oposa 26,000, amene anaimitsidwa mu 2003 asanathe. Mwa theka limene linapatsidwa salmeterol, anthu 13 anamwalira ndi mphumu. Mwa theka linalo, atatu. Ambiri mwa anthuwo sankapopera steroid. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti salmeterol kapena formoterol akakhala mu inhela imodzi ndi steroid, ngoziyo siioneka, ndipo mu 2017 bungwe loona za mankhwala la dzikolo, FDA, linachotsa chenjezo lake lalikulu pa ma inhela ophatikiza. Lamulo limene linatsala ndi ili: munthu wa mphumu asapopere salmeterol kapena formoterol payekha popanda steroid. Kwa munthu wa COPD ngati bambo, lamuloli silikhudza. Apa ndi pamene matenda awiriwa, amene m'nyumba timangowatcha chifuwa, amasiyanirana, ndipo n'chifukwa chake gogo ndi mdzukulu sangabwerekane inhela. Onjezanipo kuti mlingo wa steroid wa agogo ndi wa munthu wamkulu, komanso kuti kachipangizo kolowa m'kamwa mwa munthu wotsokomola si kopatsirana.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chakuti mwanayo akuoneka kuti ali ndi ya buluu yokha, ndipo imamuthera. Inhela imodzi ya salbutamol imapoperedwa maulendo 200 isanathe. Mwana amene akumaliza zitatu kapena kuposa pa chaka, amene akuifuna koposa kawiri pa sabata, kapena amene amadzuka usiku ndi chifuwa, mphumu yake siili m'manja. Kuyambira 2019, bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu otsatiridwa m'maiko ambiri, linasiya kuvomereza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha. Mwana wanu akufunika steroid wopopera. Wodziwika kwambiri m'zipatala zathu ndi beclomethasone, inhela ya bulawuni, yopopera tsiku lililonse ngakhale ali bwino. Njira ina ndi inhela yophatikiza budesonide ndi formoterol. Formoterol ndi wapadera pakati pa mankhwala okhalitsa: amakhala maola 12 ngati salmeterol, koma amayamba kugwira m'mphindi zitatu zokha, choncho inhela imeneyo dokotala akhoza kuilemba kuti ikhale yotetezera komanso yopulumutsira. Izi ndi za formoterol yekha, si za ya pepo ija. Mupite naye akaonedwe tisanalowe m'nyengo yozizira ya June ndi July, kapena m'fumbi ndi utsi wa tchire wa September ndi October, pamene ana a mphumu amavutika kwambiri mu Lilongwe muno.

Akadzabanikanso, mukhazikeni tsonga, osamugoneka. Gwedezani ya buluu, mupopere kamodzi kudzera m'kabotolo kamene ndifotokoze pansipa, apume kanayi kapena kasanu, mudikire theka la mphindi, mupoperenso, mpaka kakhumi ngati pakufunika. Ngati sakusintha, akulephera kumaliza chiganizo, nthiti zikulowa m'kati popuma, milomo yasintha mtundu, kapena wayamba kuodzera, nyamukani, mukupopera m'njira. Ngati ya buluu mulibe m'nyumba, musataye nthawi kuyesa zina, thamangirani kuchipatala chapafupi, ndipo inu cha Area 25 muli nacho pafupi. Ya buluu ya agogo ndi salbutamol yemweyo. Pa ngozi yeniyeni, mutapukuta pakamwa pake, imeneyo ndiyo munayenera kutenga.

Onse awiri angapindule ndi chinthu chimodzi chotsika mtengo. Anthu ambiri amapopera molakwika: amakanikiza asanayambe kukoka mpweya, kapena atamaliza, mankhwala n'kuthera pa lilime. Zotsatira zake, mapapo alandira zochepa, pakhosi palandira zambiri, mawu n'kusasa. Chothandiza ndi spacer, kabotolo kamene kamakhala pakati pa inhela ndi kamwa. Ngati simungapeze kogula, botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito. Madokotala a ana a ku Cape Town anayesa zimenezi n'kufalitsa zotsatira mu 1999, ndipo anapeza kuti botolo lotere limathandiza mofanana ndi spacer yogula. Mumaboola kunsi kwa botolo bowo lolingana ndi kamwa la inhela, n'kuilowetsa mothina, munthu n'kumapumira kukamwa kwa botolo. Litsukeni ndi sopo, liume lokha osapukuta. Aliyense akhale ndi lake. Botololi ndi la ma inhela opopera okha. Ya kapisozi ndi ena a ufa safuna botolo.

Pa kapisozi, cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi kummeza ngati panado. Akamezedwa sathandiza mapapo. Kapisozi amatulutsidwa m'pepala lake nthawi yomweyo yogwiritsa ntchito, amaikidwa m'kachipangizo, amabooledwa kamodzi, munthu amatulutsa mpweya kumbali, kenaka amakoka mozama mpaka kumva kapisozi akunjenjemera m'katimo, n'kugwira mpweya pang'ono, n'kubwerezanso kachiwiri pa kapisozi yemweyo. Tizipangizo timasiyana malinga ndi kampani, ndiye popita kuchipatala mutenge zonse, bambo akapopere pamaso pa dokotala kapena wa ku famase kuti awaone. Akaiwala tsiku lina, asaphatikize awiri mawa lake.

Ndikudziwa kuti mankhwala okhalitsawa nthawi zambiri amachita kugulidwa ku famase ndipo si otchipa. Mabanja ambiri amayamba kudumphitsa masiku kuti inhela ikhalitse. Ngati thumba lavuta, nenani poyera kwa dokotala kuti asankhe chimodzi chimene mungakwanitse mwezi ndi mwezi, m'malo mwa ziwiri zopopera mwa apo ndi apo. Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala m'dziko muno la PMRA, muone tsiku lothera mphamvu, ndipo bungwe lomwelo limalandira malipoti a zovuta za mankhwala, moti dokotala kapena wa ku famase akhoza kulembera za mkodzo wa bambo. Sungani ma inhela pamthunzi, osati pawindo kapena m'galimoto yotsekedwa mu October, ndipo a ufa asanyowe m'dzinja. Kachitini kotha musakaponye padzala loyaka moto, kamaphulika.

Simunanene ngati bambo anasiyiratu chingambwe. Ngati akusutabe mobisa kuseri kwa nyumba, palibe inhela imene ingapose kusiya, chifukwa kusiya fodya ndiko kumachepetsa liwiro limene mapapo akuwonongekera. Mbaula isalowe m'chipinda chimene amagona, ngakhale kuzizire bwanji, ndipo pophika iwo ndi mdzukulu wawo azikhala kutali ndi utsi. Kuyenda kuja apitirize tsiku lililonse, akatopa apume, n'kuyambanso.

Popita sabata ino, tengani buku lawo, ma inhela onse atatu, HCT, ndi mankhwala ena aliwonse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba ndi ogula pagolosale. Kwa masiku otsalawa lembani papepala kuti ya buluu apopera kangati patsiku ndiponso adzuka kangati usiku kukakodza. Mukafika, yambani ndi nkhani ya mkodzo.